Mseu Ngwa Yani? Mbiri ya Makangano a pa Miseu ya Lusaka

Mphunzitsi amene akwera basi ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke kunka ku Lusaka, akaoloka Luangwa ndi kupitirira Chongwe, amayamba kuona nyumba za mzinda pafupi ndi Chelstone. Kucokera pamenepo mseu umamtenga kupyola Munali, Yunivesite ndi Manda Hill, kufikira atalumpha njanji ndi kutulukira kumpoto kwa Cairo Road. Pa ulendo wonsewo sadzifunsa kuti mseu umene alikuyendamo ngwa yani, pakuti kwathu kumudzi funso lotere liribe nchito. Njira ya kudambo nja onse, ndipo ikamera udzu mfumu imamema anthu nailambula tsiku limodzi. Koma m'Lusaka funso limeneli latsutsanitsa akulu zaka zoposa 100. A Boma, a Khonsolo, apolisi ndi oweruza milandu, onse ananenapo kuti mau otsiriza ngao. Ndipo pamene iwo anali kukangana, wolipira faindi kapena wogona m'ndende anali munthu wamba woyenda pansi.

M'nkhani ino tilondola makangano amenewo kuyambira pamene Lusaka anali kasiteshoni ka njanji. Funso lija liri ndi mphanda zitatu: ndani akonza mseu, ndani aloledwa kuyendamo, ndipo ndani aloledwa kusonkhanamo kapena kuyalamo malonda.

KASITESHONI NDI BOMA LA KU CHILANGA

Njanji yocokera ku Livingstone kunka ku Broken Hill, kumene lero timati ku Kabwe, inafika pamalopo m'caka ca 1905. Omanga njanjiyo anali kuika popatukira sitima pa mailosi 20 ali onse, ndipo popatukira pena panagwera m'dziko la Asoli, pafupi ndi mudzi wa mfumu yaing'ono dzina lace Lusaaka. Sanasankhe malowo cifukwa ca ubwino wace ai; anangowerenga mailosi. Pansi pace pali thanthwe la njereza, dziko nlathyathyathya ngati mphasa, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Dzinja likafika madzi amasowa kothawira nasanduka thamanda. Cilimwe cikafika dothi lomwelo limasanduka pfumbi.

Posacedwa anafika Mabunu ndi ngolo zao za ng'ombe nayamba minda. Anafika amasitolo. Anafikanso Mtaliyana wina, G. B. Marrapodi, amene anali kuocha njereza, ndipo dzina lace likali pa komboni ina kumpoto kwa mzinda. Masitolo anandanda kumadzulo kwa njanji, ndipo mseu wa patsogolo pao ndiwo unadzachedwa Cairo Road, pokumbukira loto la Cecil Rhodes la njira yocokera ku Cape kufikira ku Cairo.

Masiku amenewo dziko linali m'manja mwa Kampani ya British South Africa. Kampaniyo inagawa dziko m'zigawo zazikulu, ciri conse ndi Majisitireti wace, ndi zigawo zazing'ono zoyang'aniridwa ndi Native Commissioner. Maina awiriwa asatisokoneze. Sanali maudindo olekana monga tiwadziwira lero, wina woweruza ndi wina wolamulira. Munthu mmodzi yemweyo anali kukhometsa msonkho m'mawa, naweruza masana mlandu wa amene sanakhome. Boma la dera limeneli linali pa Chilanga, mailosi ngati 10 kumwera kwa siteshoni, ndipo linakhala komweko kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930. M'caka ca 1929 maina anasintha: zigawo zazikulu zinakhala pansi pa Provincial Commissioner, ndi zazing'ono pansi pa District Commissioner, amene makolo athu anamdziwa ndi dzina lakuti Bwana D.C. Koma mphamvu ziwiri zija, ya kulamula ndi ya kuweruza, zinatsala m'dzanja limodzi.

Pa 31 July 1913 Kampani inalola kuti pa Lusaka pakhale kabungwe ka Azungu a pamalopo, kochedwa Village Management Board. Tsiku limeneli ndilo limawerengedwa ngati kubadwa kwa mzinda, ndipo cifukwa cace Lusaka anakondwerera zaka 100 m'caka ca 2013. Nchito ya Bodi imeneyi inali ya miseu, ngalande, zimbudzi ndi zinyalala. Apa ndipo panayambira kukokana. Bodi inali ndi nchito koma inalibe ndalama zokwanira, pakuti eni mapuloti anali owerengeka. Inali ndi malamulo koma inalibe bwalo la milandu, kotero kuti wophwanya lamulo lace anayenera kukaonekera kwa bwana wa Boma. Njanji, imene inadula malowo pakati, inali ya kampani yina yolamulidwa kucokera ku Bulawayo. Tsono madzi akadzaza mseu, Bodi inali kuyang'ana kwa Boma, Boma linali kuyang'ana ku Livingstone kumene kunali likulu, ndipo ngolo zinali kutitimira m'matope.

Mankhwala amene anapezeka anali ngalande yaikulu yokumbidwa pakati peni peni pa Cairo Road, m'litali mwace. Pambuyo pace inabvundikiridwa, ndipo ndico cifukwa cace mseuwo uli ndi njira ziwiri ndi kacilumba pakati pao. Koma akulu anati madzi saiwala khwawa. Cigumula ca ku Kanyama ca 1978, ndi madzi amene amasefukira m'tauni zaka za mvula yambiri, ndiwo mlandu womwe uja wa 1913 umene sunathe.

MIZINDA IWIRI M'DZINA LIMODZI

Kampani inapereka dziko kwa Boma la Britain pa 1 April 1924. Bwanamkubwa waciwiri, Sir James Maxwell, anaona kuti Livingstone ali kumalire, kotentha, ndiponso kutali ndi migodi ya kopa imene inali kutsegulidwa kumpoto. Anaitana katswiri wa mamangidwe a mizinda wa ku London, Professor Stanley Adshead, ndipo m'caka ca 1931 kunatsimikizika kuti likulu latsopano lidzakhala pa Lusaka, pamene mseu wa ku Fort Jameson ukomana ndi njanji. Azungu a ku Livingstone, motsogozedwa ndi Leopold Moore, mwini nyuzipepala ya Livingstone Mail, anakana kolimba, poopa kuti nyumba ndi masitolo ao zidzatsika mtengo. Koma Boma linapambana. Mwala wa maziko a maofesi a Boma unaikidwa ndi Prince George m'caka ca 1934. Cikondwerero ca kusamuka cinayamba kumapeto kwa May 1935, m'nthawi ya Bwanamkubwa Sir Hubert Young, masiku omwewo amene anchito a m'migodi ananyanyala nchito koyamba ku Copperbelt.

Adshead sanafune kumanga likulu m'matope a Cairo Road. Anasankha mtunda wa kum'mawa kwa njanji, umene unachedwa Ridgeway, ndipo mapulani ace anawakonzanso P. J. Bowling, katswiri wa Boma. Pa mtunda umenewo anajambula miseu yotakata yokhala ndi mizere ya mitengo, nyumba ya Bwanamkubwa, maofesi, ndi nyumba za akulu a Boma zokhala ndi mabwalo aakulu. Zonsezi zinamangidwa ndi dipatimenti ya Boma ya zomangamanga, ndi ndalama za Boma. Tauni yakale ya kumadzulo inatsala ndi Bodi yace, matope ace ndi ngalande yace.

Mapulani anaika malo atsopano a masitolo kufupi ndi mtundawo. Koma amalonda sanafune kusiya mapuloti amene anawagula kale, pafupi ndi siteshoni pamene katundu wao anali kutsikira. Ndiponso zakazo zinali za njala ya ndalama pa dziko lonse lapansi, ndipo Boma linalibe cuma cowasamutsira. Cotero Boma linakhala pamtunda, malonda anakhala m'cidikha, ndipo pakati pao panali njanji ndi thengo. Matambala awiri salira m'khola limodzi, koma apa anaikidwa m'khola limodzi, nauzidwa kuti dzina lao onse ndi Lusaka. Ngakhale pambuyo pace Bodi inapatsidwa kuyang'anira mzinda wonse, dzanja la Boma linali lolemera pa iyo, pakuti Boma ndilo linali mwini malo ambiri ndi nyumba zambiri. Lusaka analandira Khonsolo yokhala ndi Meya m'caka ca 1954, nalandira ulemu wa kuchedwa mzinda waukulu m'caka ca 1960.

WOYENDA PANSI NDI CITUPA CACE

Olemba mapulani anawerenga munthu wakuda ngati mlendo wodzagwira nchito, amene kwao nkumudzi ndipo adzabwerera. Cifukwa cace ku Kabwata anamanga timanyumba tozungulira tofolera udzu, tokwana mwamuna wopanda banja. Ambiri a manyumba amenewo anagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma 43 anasungidwa m'caka ca 1974, ndipo ndiwo mudzi wa zosemasema wa Kabwata. Lamulo la 1948 la nyumba za anthu akuda m'matauni ndilo linabvomereza kuti wanchito akhale ndi mkazi wace ndi ana. Ndipo pambuyo pace anakula Chilenje ndi Matero. Nthawi yomweyo kumayadi kunali kukula Woodlands, kumene kunali nyumba zambiri za Azungu a m'Boma, ndi Kabulonga, amene anayamba ngati tauni yapadera ndi kabodi kacekace.

Kusiyana kwa miseu ya mbali ziwirizi kunacokera m'thumba. Osankha makhansala anali eni malo ndi okhoma msonkho wa nyumba, ndipo ndalama zao zinabwerera ku miseu ya pakhomo pao. Wokhala m'komboni sanali mwini nyumba; lendi anali kumlipirira bwana wace, ndipo akacotsedwa nchito anali kucotsedwanso m'nyumba. Mau ace anali kupita ku kabungwe ka uphungu cabe, kopanda mphamvu yolamula kanthu. Zambiri zokomera anthu m'makomboni zinali kulipiridwa ndi phindu la nyumba za mowa za Khonsolo, ndipo kuti phindulo lisacepe amai analetsedwa kufulula mowa wogulitsa. Ici ndico cifukwa cace m'caka ca 1957 Congress inamema anthu kuti aleke kumwa m'nyumba zimenezo.

Kuyenda komwe kunali ndi malamulo ace. Kuyambira ndi lamulo la kalembera la 1929, mwamuna wa m'tauni anayenera kunyamula citupa coonetsa dzina lace, mudzi wace, mfumu yace ndi nchito yace. Ikakwana 9 koloko usiku, anayenera kukhalanso ndi kalata yomlola kuyenda m'miseu ya m'tauni. Wophika wa ku Woodlands amene bwana wace anacedwa kudya, naiwala kumlembera kalata, akanatha kugona kupolisi cifukwa ca kuyenda pa mseu umene anaupyola m'mawa mopanda mlandu. Mabungwe oyamba a anthu ophunzira m'matauni a m'mbali mwa njanji, monga la ku Livingstone lokhazikitsidwa m'caka ca 1930, anadandaula za zimenezi ndiponso za kuingidwa m'njira za oyenda pansi za m'mbali mwa masitolo. Ndipo pa masitolo ambiri munthu wakuda anali kugula ataima pabwalo, pa kazenera ka pambali. M'January 1954 anthu a m'Lusaka ananyanyala mabuchala cifukwa ca kazenera kameneka ndi nyama yonyozeka imene anali kuwagulitsa. Lamulo loletsa tsankho m'mahotela, m'malo odyera ndi m'nyumba za kanema linadza m'caka ca 1960.

Nanga wogwidwa pa mseu anali kuweruzidwa ndi yani? M'Lusaka munali mabwalo atatu. Linalipo la D.C. ndi omthandiza ace, amene lamulo la 1933 la mabwalo aang'ono linawapatsa mphamvu za umajisitireti. Linalipo la Resident Magistrate, munthu wophunzira malamulo, amene anali pansi pa Bwalo Lalikulu. Linaliponso bwalo la anthu akuda la m'tauni, m'mene munali kukhala nduna zotumidwa ndi mafumu a kumidzi, zoweruza milandu ya maukwati, ngongole ndi ndeu monga mwa mwambo.

Pakati pa mabwalo awiri oyambawo panali kusiyana kwakukulu kwa maganizo, ndipo kunali m'maiko onse a Britain m'Afrika. Ma D.C. anali kunena kuti iwo ndiwo adziwa anthu ndi cinenero cao, ndi kuti bwana wosatha kulanga sadzamveredwa. Odziwa malamulo anali kuyankha kuti munthu sangakhale wolamula kuti anthu agwidwe, nakhalanso woweruza ogwidwawo, ndi kuti mlandu uyenera kuima pa umboni. M'caka ca 1933 Boma la Britain linatumiza kabungwe kotsogozedwa ndi H. G. Bushe kukafufuza za maweruzidwe ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Kabungweko kanakomera odziwa malamulo, koma Abwanamkubwa a maikowo anatsutsa, ndipo ma D.C. anasunga mabwalo ao zaka zambiri. Kwathu kuno kulekanitsa maudindo awiriwa kunadza ndi ufulu wa dziko, pamene nchito ya kuweruza inacotsedwa m'manja mwa olamulira maboma, ndipo lamulo la 1966 linaika mabwalo a Local Court pansi pa nthambi ya zoweruza.

Panalinso miseu yopanda mwini konse. Kunja kwa malire a Khonsolo eni mafamu ndi makontirakita analola anthu kumanga pa malo ao ndi kulipira lendi. Ndipo maina a makomboni monga George, John Howard ndi John Laing akumbutsa za ciyambi cimeneco. Khonsolo inati malowo ali kunja kwa malire ace. D.C. anali ndi mphamvu yogwetsa nyumba, koma analibe kwina koika anthuwo. Mwini malo analandira lendi osakumba ngalande. Tsono anthu anadzipondera okha tinjira pakati pa nyumba zao.

MDIPITI NDI CILOLEZO

Mkangano woposa yonse unabuka pamene anthu anayamba kuyenda m'miseu pamodzi, ndi colinga cimodzi. Congress inabadwira ku Munali m'caka ca 1948, ndipo ambiri a atsogoleri a ndale a zaka zimenezo, Dauti Yamba, Harry Nkumbula, Kenneth Kaunda ndi Simon Kapwepwe, anali atagwirapo coko monga ife. M'March 1953 Nkumbula anatentha pamaso pa khamu m'Lusaka cikalata ca Boma la Britain cofotokoza za Federesheni. Boma linayankha ndi malamulo. Lamulo la Public Order la 1955, pamodzi ndi zoonjezera za zaka zotsatira, linafuna kuti wokonza msonkhano kapena mdipiti ayambe wapempha cilolezo kwa mkulu woikidwa ndi Boma. Ndipo mkuluyo akakana, onse osonkhana anali opalamula.

M'March 1959 Bwanamkubwa Sir Arthur Benson analetsa cipani ca Zambia African National Congress, ndipo Kaunda anatumizidwa ku Kabompo. M'June anamtengera ku bwalo la majisitireti m'Lusaka, ndipo umodzi wa milandu yace unali wa kuitanitsa msonkhano wopanda cilolezo. Anamlamula miyezi 9, natuluka m'January 1960, nakakhala m'nyumba nambala 394 ku Chilenje. M'March caka comweco, pamene nduna ya Britain yoona za maiko a m'manja mwace, Iain Macleod, inafika m'Lusaka, Mai Julia Chikamoneka ndi amai anzao anaicingamira atabvula malaya, monga acitira amai acikulire pamene mau onse atha. M'caka ca 1961, m'nthawi ya Cha Cha Cha, anthu ambiri anatentha zitupa zao.

Ufulu utadza pa 24 October 1964 zambiri zinasintha. Safeli Chileshe anakhala Meya woyamba wakuda. Citupa ndi kalata ya usiku zinatha. Ridgeway anasanduka Independence Avenue, Livingstone Road anasanduka Cha Cha Cha Road, ndipo Stanley Road anasanduka Freedom Way. Koma lamulo la cilolezo silinacotsedwe. Boma la UNIP linalisunga zaka 27, ndipo Boma la MMD litalowa m'caka ca 1991 linalisunganso.

Mlandu suola. M'caka ca 1995 anthu 8, ndipo mmodzi wa iwo anali Kaunda yemwe uja, tsopano wotsutsa Boma, anaimbidwa mlandu m'bwalo la majisitireti wa kusonkhana popanda cilolezo. Iwo anati lamulolo litsutsana ndi Malamulo Aakulu a Dziko. Majisitireti anatumiza funsolo ku Bwalo Lalikulu, limene linakana kuthyola lamulo. Koma anacita apilu ku Bwalo Lalikulu Koposa. Mlanduwo udziwika ndi dzina la Christine Mulundika, amene anali woyamba pa mndandanda. Ciweruzo cinaperekedwa m'January 1996 ndi Mkulu wa Oweruza Matthew Ngulube, ndipo oweruza oculuka anabvomerezana naye. Bwalo linati ndime ya cilolezo inapatsa wapolisi mphamvu yopanda malire, yolola kapena kukana monga afunira, popanda muyeso wom'tsogolera. Ndi kuti ufulu wa kulankhula ndi kusonkhana, wolembedwa m'ndime 20 ndi 21 za Malamulo Aakulu, sungapacikidwe pa cifuniro ca munthu mmodzi. Mabwalo aakulu a ku Ghana m'caka ca 1993 ndi a ku Zimbabwe m'caka ca 1994 anali ataweruza cimodzimodzi. Cotero munthu amene anamangidwa cifukwa ca cilolezo m'caka ca 1959, nasunga lamulolo pamene anali pampando, ndiye anathandiza kuligwetsa pamene linamlumanso.

Nyumba ya Malamulo inafulumira kulemba ndime yatsopano m'caka comweco ca 1996. M'malo mwa cilolezo inaika cidziwitso, coyamba ca masiku 14, pambuyo pace ca masiku 7. Koma apolisi anapitiriza kucita ngati cidziwitso ndi pempho limene angathe kulikana. M'April 2000 madotolo acinyamata anadziwitsa apolisi kuti adzaguba m'Lusaka. Apolisi anakana, ndipo ataguba anawagwira. M'caka ca 2003 Bwalo Lalikulu Koposa linaweruza kuti apolisi ndiwo anaphwanya lamulo, pakuti ngati sakanatha kulonda mdipitiwo tsikulo, anayenera kupereka tsiku lina. Apa tiona phindu la kulekanitsa wolamula ndi woweruza. M'masiku a Chilanga wodandaula akadakadandaula kwa yemwe anamgwira.

MALIRE ATSOPANO NDI AMALONDA

Anthu a m'Lusaka anali ngati 123,000 m'caka ca 1963, ndipo pofika 1969 anali ngati 262,000. M'caka ca 1970 malire a mzinda anafutukulidwa kucokera pa makilomita 93 kufika pa makilomita 360 m'bwalo lace lonse, ndipo Chelstone ndi makomboni a kunja aja analowa m'manja mwa Khonsolo. Lamulo la 1974 linalola kuti makomboni otere akonzedwe m'malo mwa kugwetsedwa. Pa nchito imene inatsatira ku George, ku Chawama ndi kwina, ndi cithandizo ca World Bank, panacitika cinthu coyenera kucikumbukira: atsogoleri a anthu okhalamo anayenda pansi pamodzi ndi akatswiri, nasankha okha kumene mseu udzapita ndi nyumba zimene zidzasunthidwa. Kameneka kanali kacitidwe ka kumudzi kolambula njira, kolowa m'mzinda.

Koma kukokana kwa Boma ndi Khonsolo sikunathe. Lamulo la 1980 linaphatikiza Khonsolo ndi cipani, niliika Bwanamkubwa wa boma pa mpando wa Meya. Lamulo la 1991 linabwezera mameya ndi makhansala osankhidwa. Pambuyo pace Boma linaikanso nthumwi yace m'boma liri lonse, ndipo dzina lakale lija la D.C. linabwerera.

Kukokanaku kwaonekera koposa pa nkhani ya amalonda a m'miseu. Malamulo a Khonsolo aletsa kuyala malonda m'mbali mwa mseu. Koma nchito zitatha m'makampani a Boma m'zaka za m'ma 1990, anthu zikwi zambiri analibe pena popezera nsima. M'caka ca 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anatsegula ofesi ya amalonda ku State House, ndipo apolisi a Khonsolo anagwa mphwai, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. M'April 1999 Khonsolo, apolisi ndi asilikali anagwetsa tuntemba ta m'kati mwa mzinda. Amalonda anabwerera pang'ono pang'ono. Kumapeto kwa 2011 Pulezidenti Michael Sata analamula makhonsolo kuti awaleke. Kolera itabuka m'October 2017, asilikali anawacotsanso, ku Kanyama kunabuka cipolowe m'January 2018, ndipo tonse tikumbukira kuti masukulu anacedwa kutsegulidwa. Mai wogulitsa tomato pa Freedom Way waona lamulo limodzi lomwelo likugona ndi kudzuka monga mwa mau a amene ali pampando. Ndipo sadziwa m'mawa ngati madzulo adzabwera ndi ndalama kapena ndi samani.

ZA M'KALASI

Aphunzitsi anzanga, nkhani iyi ingathe kuphunzitsidwa ngakhale pa sukulu imene ana ace sanaonepo phula. Tumani ana akafunse agogo ao ngati m'mudzi muli amene anasunga citupa, kapena amene anagwirapo nchito m'Lusaka asanafike 1964. Ndipo akapezeka, muitaneni adzafotokoze yekha za kalata ya usiku ndi kazenera ka pabuchala. Ajambulitseni mapu a njira zocokera kusukulu kunka kucigayo, kucipatala ndi ku mseu waukulu, ndipo pa njira iri yonse alembe amene amailambula, amene angaitseke, ndi amene angaweruze ngati wina waitseka ndi mpanda wa munda wace. Akapeza kuti pa njira yina maina atatuwo ndi a munthu mmodzi, afunseni kumene wolakwiridwa angapite. Pamenepo muwauze za Chilanga, za 1959 ndi za 1996, ndipo adzamva msanga cifukwa cace dziko limaika woweruza payekha, kutali ndi wolamula.